NJANJI YA KU CHIPATA: ZITSULO ZINAFIKA, NANGA KATUNDU?

M'MWEZI wa Ogasiti, caka ca 2010, anthu a m'cigawo ca Kum'mawa anakhamukira ku Chipata kukaona ndi maso cinthu cimene kwa zaka zambiri anali kungocimva m'malonjezo. Pa tsikulo Mtsogoleri wa dziko lino wa nthawi imeneyo, malemu a Rupiah Banda, pamodzi ndi mnzao wa ku Malawi, malemu a Bingu wa Mutharika, anatsegula njanji ya makilomita 27 yocokera ku Mchinji kudzafika ku Chipata. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dziko lino, cigawo ca alimi a nshawa, thonje ndi fodya cinali ndi njira ya sitima yopita ku nyanja yamcere.

Makilomita 27 si mtunda wautali. Mnyamata wa njinga akanyamuka m'mawa amaumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Koma kamtunda kameneka kanadya zaka 28. Maiko awiriwa anagwirizana za nchitoyi mu 1982, pamene a ku Malawi anali atafikitsa kale njanji yao ku Mchinji ndi thandizo la dziko la Canada. Kumbali ya Zambia nchito inayambika, kenaka inaima cifukwa ca kusowa ndalama, pakuti m'zaka zimenezo mtengo wa mkuwa unali utagwa ndipo ngongole za dziko zinali kukulirakulira. Mu 2006, m'nthawi ya malemu a Levy Mwanawasa, Boma linaitolanso nchitoyo, nililipira ndalama zokwana pafupifupi madola a ku America 10 miliyoni kuti ithe. Mwana amene anabadwa caka ca panganolo anali kale ndi banja lake pa tsiku lotsegula njanji.

Alendo atabwerera kwao, njanji inangoti zii. Kwa zaka zingapo panalibe sitima ya katundu yoyendapo, udzu unamera pakati pa zitsulo zatsopano, ndipo feteleza anapitiriza kubwera pa malole monga mwa masiku onse. Mu 2014 sitima za katundu zinayamba kuyenda, koma zinali za apo ndi apo, zosati mlimi kapena wamalonda n'kuzidalira. M'mabwalo a mafumu ndi m'misika funso linali limodzi: ngati njanji inatha, cinatsala n'ciani?

MMENE NJANJI INAGAWIRA DZIKO

Kuti munthu amvetse cimwemwe ca tsiku lija, ayenera kukumbukira kumene njanji ya dziko lino inadzera. Inaoloka mtsinje wa Zambezi pa ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1905, inafika ku Kabwe, kumene dzina lake linali Broken Hill, mu 1906, ndipo mu 1909 inali itakhudza malire a Congo. Atsamunda sanaimangire mlimi wa m'mudzi ai; iwo anali kufuna miyala ya m'migodi. Komabe paliponse pamene sitima inali kuima kuti imwe madzi kapena kupatukira inzake, panamera sitolo, msika ndi nyumba. Mzinda wa Lusaka weniweniwo unayamba ngati kasitesheni ka pathengo, kopatsidwa dzina la nyakwawa ya pamalopo, a Lusaaka, ndipo pofika mu 1935 unali likulu la dziko. Choma, Monze ndi Mazabuka anakula mwa njira yomweyo, ndipo alimi a m'mbali mwa njanji anali ndi msika pakhomo.

Kum'mawa kunatsala kutali. Pakati pa Chipata ndi Lusaka pali makilomita pafupifupi 570 a mseu wa Great East, wokhotakhota m'mapiri ndi wodalira ulalo wa pa Luangwa. Thumba lililonse la feteleza lofika ku Lundazi, ku Chadiza kapena ku Katete limakhala litalipira ulendo wonsewo, ndipo ndalamayo imaikidwa pamwamba pa mtengo wake. Thumba la nshawa kapena la soya likamacoka, wogula amayamba wacotsa ndalama ya lole asanachule mtengo. Cotero mlimi wa Kum'mawa amalipira mseu kawiri, pogula ndi pogulitsa, ngakhale kuti iye mwini sanakwerepo loleyo.

Acikulire akumbukira masiku a Namboard, pamene Boma linali kugula cimanga pa mtengo umodzi dziko lonse ndi kusenza lokha ndalama za mayendedwe. Bungwelo linathetsedwa mu 1989, ndipo malonda a mbeu atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, mtolo wa mtunda unabwerera paphewa la mlimi. Apa m'pamene panagona ciyembekezo ca njanji. Kucokera ku Chipata kufika ku doko la Nacala ku Mozambique pali makilomita pafupifupi 1,150, pamene katundu wodzera ku Lusaka kupita ku Dar es Salaam kapena ku Durban amayenda makilomita opitirira 2,000. Ndiponso bogi limodzi la sitima limanyamula matani 40 kapena kuyandikira apo, amene ndi matumba 800 a makilogilamu 50. Sitima ya mabogi 20 imasenza matumba 16,000 pa ulendo umodzi, katundu wofuna malole akuluakulu opitirira 25, iliyonse ndi dalaivala wake, mafuta ake ndi matayala ake okumba mseu.

NJANJI SI ZITSULO ZOKHA

Cinthu coyamba cimene cinaoneka poyera pambuyo pa 2010 n'cakuti njanji inafika popanda malo oyenera okwezera ndi kutsitsira katundu. Katundu wa masiku ano amayenda m'makontena, mabokosi acitsulo amene anthu sangawanyamule ndi manja ngakhale atakhala mudzi wathunthu. Pamafunika makina onyamulira, bwalo lolimba la konkire, mashedi osungiramo matumba kuti mvula isawaononge, sikelo yaikulu, mpanda, ndi ofesi ya akasitomu yoti mapepala onse athere pomwepo. Malo otere ndiwo amachedwa doko la pamtunda, pakuti amagwira nchito ya doko ngakhale palibe madzi. Popanda zimenezi wamalonda amaona kuti n'kwapafupi kuitana lole imene idzafika pakhomo la sitolo yake, ngakhale ikhale yodula.

Sitima nayonso ili ndi khalidwe lake. Siinyamuka cifukwa ca matumba makumi awiri. Imafuna katundu wodzaza mabogi, wopezeka pa tsiku lodziwika, ndipo koposa zonse imafuna katundu wa uku ndi uku. Ikabwera ndi feteleza n'kubwerera yopanda kanthu, mwini feteleza ndiye amalipira maulendo onse awiri, ndipo phindu lija la njanji limathera pomwepo. Zokolola za Kum'mawa n'zambiri, koma n'zomwazikana m'minda yaing'onoing'ono ya mabanja zikwizikwi, ndipo zimatuluka nyengo imodzi pa caka. Mgodi umatulutsa katundu tsiku ndi tsiku pa cipata cimodzi. Mlimi amatulutsa wake kamodzi, kuseri kwa dambo limene ngolo imatitimira. N'cifukwa cake njanji ya alimi imavuta kuiyendetsa kuposa ya migodi.

Palinso cina cimene ambiri saciganizira. Njanji ya ku Chipata siilumikizana ndi njanji ina iliyonse m'kati mwa Zambia. Ili ngati nthambi ya mtengo umene thunthu lake lili kwa mnansi. Sitima yocoka ku Chipata iyenera kudzera ku Mchinji, ku Lilongwe ndi ku Salima, kutsikira ku Nkaya, kenaka kukhotera kum'mawa kukaoloka malire pa Nayuchi, ndipo ikatero m'pamene imalunjika ku Nacala. Madzi osefukira akakokolola ulalo umodzi pakati pa njirayi, monga zacitikapo kangapo ku Malawi m'nyengo za mvula yamphamvu, sitesheni ya ku Chipata imakhala cete ngakhale zitsulo zake zili bwinobwino. Ndalama zambiri zimene zinalowa m'njira ya ku Nacala zinapita ku njanji ya malasha yocokera ku Moatize, imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo imeneyo imakumana ndi njanji yakale pa Nkaya, kutali kumwera kwa Mchinji. Ndipo munthu atafuna kutumiza bogi kucoka ku Chipata kupita ku Lusaka pa njanji yokhayokha, bogilo liyenera kuzungulira ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, n'kudzalowera ku Livingstone.

SITIMA YA KU MULOBEZI

Ku mbali ina ya dziko, kumadzulo kwa Livingstone, kuli njanji imene mbiri yake imaunikira bwino za ku Chipata, pakuti mabvuto ake ndi otembenuza. Imeneyi ndi njanji ya ku Mulobezi, ya makilomita opitirira 160, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi kampani yoceka matabwa ya Zambezi Saw Mills. Colinga cake cinali kukoka mitengo ya mukusi, mtengo wolimba umene unali kucekedwa kukhala mitanda yogonekapo njanji zina. Eni ake anagwiritsa nchito zitsulo ndi mainjini akale ogulidwa kwa ena, ndipo ena mwa mainjini a malashawo akusungidwa m'nyumba yoonetsera zakale za njanji ku Livingstone.

Mitengo itacepa ndipo malonda a matabwa atazirala, munthu akanayesa kuti njanjiyo yafa. Siinafe, cifukwa dera limenelo n'la mcenga wakuya umene galimoto imabvutika kudutsa, ndipo anthu a kumeneko analibe njira ina yodalirika. Kwa zaka zambiri sitima imodzi pa mlungu inanyamula zonse pamodzi: anthu, ng'ombe zopita ku msika wa ku Livingstone, mbuzi, nkhuku, matumba a ufa ndi katundu wa m'masitolo. Koma cifukwa ca kukalamba kwa njanji, sitimayo inali kukwawa, ndipo ulendo umene galimoto pa mseu wabwino ingauthe m'maola atatu unali kutenga usana ndi usiku, nthawi zina masiku awiri. Anthu anaikwerabe.

Ku Mulobezi kunali anthu ndi katundu woyembekeza sitima, koma njanji inali yotha. Ku Chipata njanji inali yatsopano, koma zoifikitsira katundu kunalibe. Konsekonse mlimi sanapeze cimene anali kuyembekeza.

KUKONZA NJANJI YAKALE

Anthu akamva kuti njanji ikukonzedwa amaganiza za injini yatsopano yonyezimira. Kunena zoona, nchito yaikulu ili pansi. Zitsulo ziwiri za njanji za kuno ziyenera kutalikirana mamilimita 1,067, ndipo cimene cimazigwira pamuyeso umenewo ndi mitanda imene anchito a njanji amaichula kuti masilipa. Mitanda ya mitengo imaola, imadyedwa ndi ciswe, ndipo imapsa ndi moto wa lupsa. Ikafooka, zitsulo zimakankhana, mawilo amagwera pakati, ndipo sitima imacoka panjira. Pokonza, amazula ya mitengo n'kuika ya konkire, imene imakhala zaka zambiri.

Pansi pa mitandayo pamathiridwa miyala yoswa. Miyala imeneyi si yokongoletsa: imagawa kulemera kwa sitima kuti nthaka isabooke, ndiponso imalola madzi kupita. Mdani wamkulu wa njanji ndi madzi. Ngalande ya m'mbali ikatsekeka ndi mcenga, kapena paipi yodutsa pansi ikadzaza zinyalala, madzi amaima, nthaka imafewa, ndipo njanji imatitimira. Oyang'anira akaona zotere amalamula kuti sitima iziyenda pang'onopang'ono pamalopo. Malo otere akaculuka, ulendo wa tsiku limodzi umasanduka wa masiku atatu, eni katundu amathawira ku malole, ndalama zokonzera zimacepanso, ndipo njanji imapitiriza kuonongeka. Umu ndi mmene njanji zambiri za kumidzi zinafera: sizinatsekedwe ndi lamulo, zinangozirala.

Boma layesa njira zingapo zodulira mzere umenewu. Njanji yaikulu ya dziko inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia mu 2003, koma mu Sepitembala 2012 Boma la malemu a Michael Sata linathetsa panganolo ponena kuti njanji inali kuonongeka, nilibwezera nchito kwa Zambia Railways, imene likulu lake lili ku Kabwe. Linapatulanso madola 120 miliyoni a ngongole ya kunja kuti akonzere njanji. Mu 2018 panatuluka lamulo lakuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, simenti ndi shuga, aziyenda pa njanji, pofuna kupulumutsa miseu ndi kupatsa sitima cakudya.

Njanji ya TAZARA, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 kufika 1975, nayo inadutsa m'bvuto lomweli. Utali wake ndi makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam. M'zaka zake zabwino inanyamulapo matani opitirira miliyoni imodzi pa caka, koma pofika 2015 inali itatsika kufika pansi pa matani 100,000. Mu 2025 maboma a Zambia ndi Tanzania anasainirana ndi kampani ya ku China ya CCECC pangano la madola 1.4 biliyoni lokonzanso njanjiyo ndi kuiyendetsa kwa zaka 30. Amene amakhala ku Mkushi, ku Serenje, ku Mpika ndi ku Kasama adzayesa phindu la panganoli ndi cinthu cimodzi: ngati sitima idzaima pa masitesheni ao aang'ono, kapena idzangodutsa ndi mkuwa ili kuliza belu.

PAMENE SITIMA IMAIMA

Funso limeneli n'lofunika, pakuti sitima yodutsa siisiya kanthu m'mudzi koma phokoso. Cimene cimasintha moyo wa anthu ndi sitesheni yotseguka: pamene pali mkulu woyang'anira, kanjanji kopatukira poimika mabogi awiri kapena atatu, shedi yokhoma, mjigo wa madzi, ndi mseu wolowera umene ngolo ndi thirakitala zingadutse ngakhale mu Febuluwale. Pamalo potere amai amagulitsa nthoci, mbatata ndi cimanga cooca kwa apaulendo, wodwala amapeza njira ya ku cipatala cacikulu, ndipo mwana wa sukulu ya sekondale amabwerera kwao pa holide ndi ndalama yocepa. Sitesheni ikatsekedwa, zonsezi zimatha mwakacetecete, malata amazulidwa, ndipo nyumbayo imasanduka khola la mbuzi.

Pali mbali ina imene Boma silingaicite lokha. Mlimi mmodzi wa matumba 30 sangabwereke bogi, koma makopaletivu a dera limodzi atasonkhanitsa zokolola zao pa shedi imodzi, zosankhidwa bwino ndi zouma, akhoza kudzaza mabogi angapo ndi kukambirana mtengo ngati amalonda enieni. Akhozanso kuitanitsa feteleza pamodzi, nthawi ikalipo, kuti sitima yobwera ndi feteleza ibwerere ndi soya kapena thonje. Alimi a Kum'mawa si acilendo pa nchito yotere. Amene anagulitsapo nshawa za Chalimbana kudzera m'bungwe la Eastern Co-operative Union akuidziwa.

Ndipo pali za kusamala. Ena amamasula mabauti ndi tizitsulo togwira njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ena amaola miyala yoswa kukathira pa maziko a nyumba. Enanso amalima mizere mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji, ndipo mvula ikagwa dothi la m'mundamo limatseka ngalande. Bauti imodzi imagulidwa ndalama yosakwana ndi sopo yemwe, koma kusowa kwake kukhoza kugwetsa sitima yodzaza anthu. Kuba kapena kuononga katundu wa njanji ndi mlandu waukulu, ndipo nyakwawa za midzi ya m'mbali mwa njanji ndizo zoyamba kudziwa amene akucita zimenezi. Abusa a ng'ombe nao ayenera kuphunzitsidwa kuti sitima yodzaza siima msanga monga njinga. Dalaivala akhoza kuona ng'ombe patali, n'kumanga mabuleki, koma n'kuzigundabe.

ZA M'TSOGOLO MWA KUM'MAWA

Mu Okutobala 2023, Mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema anakumana ku Nacala ndi anzao a nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera a ku Malawi ndi a Filipe Nyusi a ku Mozambique, pa mwambo wotsegula doko limene linakulitsidwa ndi kukonzedwanso. Maiko atatuwa anasainirana mapangano olimbikitsa kuyenda kwa katundu m'njira imeneyi. Doko la Nacala n'lakuya mwacibadwa, kotero kuti zombo zikuluzikulu zimakoceza popanda kukumba pansi. Kumapeto a ku nyanja khomo n'lotseguka. Cofunika n'cakuti njanji yonse kucokera ku Nkaya kufika ku Mchinji ikhale yolimba caka cathunthu, ndi kuti ku Chipata kukhale malo okwanira olandirira katundu.

Cimene cingacotse njanji ya ku Chipata pa umasiye ndi kuilumikiza ndi njanji zina za dziko lino. Mu 2016 Boma linasainirana ndi kampani yomweyo ya CCECC pangano lomanga njanji ya makilomita 388 kucokera ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukakumana ndi TAZARA pa Serenje, pa mtengo wopitirira madola 2 biliyoni. Itamangidwa, mkuwa wa ku migodi ukanapeza njira yacidule yopita ku Nacala, ndipo mkuwa umenewo ndiwo ukanalipira sitima za tsiku ndi tsiku zimene mlimi wa ku Katete ndi wa ku Sinda akanakwezapo matumba ake. Koma njirayo iyenera kutsika m'cigwa ca Luangwa ndi kukweranso mapiri a Muchinga, nchito yodula koposa, ndipo ndalama zake sizinapezeke pa nthawi imene dziko linali kulemedwa ndi ngongole. Pangano la ku Mchinji la 1982 linadikira zaka 28. La ku Serenje linalembedwa mu 2016.